Lichero Lotsala

Mlamu wanga Felesta amawerenga chilichonse. Mukamupatsa mtedza m'manja, amayamba wauwerenga kaye asanaponye m'kamwa. Sindikumunyoza ayi, ndimamukonda chomene, koma m'mutu mwa mayi ameneyu mwadzaza manambala okhaokha.

Kwawo ndi ku Ntchisi. Boma linamutumiza kudzaphunzitsa masamu pasukulu ya kwathu kuno, kuseri kwa Champhira, zaka zija munthu sunkakwera basi wopanda kadi ya chipani m'thumba. Alongo anga a Zondwayo, amene ankagwira ntchito kunkhalango ya paini ku Chikangawa, anangomuona kamodzi akuimbitsa ana matebulo pansi pa mtengo, mbwenu tulo tinawathawa. Ng'ombe zinaperekedwa, akwawo a Felesta akudabwa nazo poti kwawoko mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndipo Felesta anabwera kudzakhala pamudzi pathu.

Tsono kwathu mkazi akakwatiwa sayamba ndi moto wake. Amaphikira pa moto wa apongozi ake, amadya komweko, mpaka tsiku limene apongoziwo adzaone kuti wakhazikika n'kumuikira mafuwa ake atatu. Kuyambira tsiku limenelo nyumba yake imawerengedwa pamudzi. Lisanafike tsikulo ndiwe mlendo wogona chabe, ngakhale utakhala ndi chitseko chamatabwa ndi loko. Alamu anga ena, monga a Kezia, mkazi wa alongo athu aakulu a Kingstone, analandira mafuwa awo nsalu yaukwati isanasuluke n'komwe. Koma Felesta mvula inagwa, inakata, inagwanso, iye akadali kukhitchini kwa amama.

Amama athu, a NyaNgwira, ndi munthu woti nkhope yawo simungaiwerenge. Akamwana awo onse, akazi a ana awo, ankawaitana ndi mfunda, monga mwa ulemu wa kwathu: uyu NyaTembo, uyu NyaMoyo. Koma Felesta ankangomuti "Aphunzitsi." Madzulo aliwonse ankamufunsa za ana a sukulu, ndipo iye akayesa kuyankha m'Chitumbuka chake chokhotakhota, amama ankaseka mpaka kutsokomola. Felesta ankasekerera nawo, koma tikapita kumtsinje ankandiuza zakukhosi.

"Alamu, ine pano sindifunika. Amandisunga ngati wailesi, yongowaseketsa."

Kuchitsime nako amayi ankanong'ona kuti dzanja logwira choko silifuna mafuwa. Ine ndinkawayankha mokwanira, poti pakamwa ndili napo, koma mumtima ndinkaopa kuti tsiku lina mlamu wanga adzatopa n'kupita.

Chaka chimenecho Khirisimasi itayandikira, a Kingstone anatumiza kangachepe kuchokera ku Joni, ndipo amama anati ndiwaperekeze ku Boma kukatenga ku positi. Titachoka ku positiko tinaonetsa makadi kwa anyamata a malaya ofiira pakhomo pa msika, kenako amama analowa m'sitolo ya Mmwenye. Ine ndinatsalira pakhonde pang'ono, chifukwa panali wapolisi wina dzina lake Bestone, wa ku Mulanje, amene njinga yake inkakonda kuphwa nthawi iliyonse ndikafika ku Boma. Nkhani ya ameneyu tiisiye. Pamene ndinkalowa m'sitolomo ndinapeza mwini sitolo akutuluka thukuta.

"Mayi, sopo amabwera m'madazeni," ankatero. "Tengani madazeni atatu, katoni yatha bwinobwino. Atatu apamwambawa mukufuna ndiphwanye katoni ina?"

"Phwanyani," anatero amama. "Katoni si mutu wa munthu."

Pa machesi zinali chimodzimodzi, pa masingano chimodzimodzi. Ndinawakoka nsalu. "Amama, anthu akutiyang'ana. Bwanji osangotenga zimene akukupatsani?" Iwo anangondiyang'ana ndi diso lija. Ndinangoti ndi makani a ukalamba basi, n'kusenza katunduyo.

Katundu ameneyu anali wogawira mudzi. Chaka chilichonse pa Khirisimasi amama ankagawira nyumba zonse za pabanja pathu, ndipo nyumbazo zinali khumi ndi ziwiri. Lamulo lawo linali lolimba. Chaka china sopo anadulidwa ndi mpeni, chidutswa china n'kukula pang'ono, ndipo akazi awiri apachibale sanapatsane moni mpaka kukolola. Kuyambira pamenepo amama anati palibe kudula kanthu, palibe nyumba yoposa inzake, ndipo palibe chotsala. Ankati chotsala ndicho chimabala mabodza, chifukwa aliyense amafuna kudziwa kumene chapita.

Wogawa nthawi zonse anali a Kezia. Koma m'mawa wina titabwerako ku Boma, amayi onse ali pamtondo, amama anangoti:

"Chaka chino agawe ndi Aphunzitsi. Si ndiwo a masamu? Mawa m'mawa, pabwalo."

Minsi inaima. A Kezia anayang'ana pansi, milomo itaphatikana ngati akubisa chinthu m'kamwa. Felesta anagwada n'kuthokoza kuti yewo, maso akuwala. Anaona ngati tsiku lake lodzionetsa lafika.

Masana tinatulutsa katunduyo kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kuwerenga. Sopo analipo 39. Mabokosi a machesi 52. Masingano, atabayidwa pa kansalu, 65. Felesta anawerenganso. Anawerenga kachitatu. Kenako anakhala pansi n'kutola kamtengo.

"Bwanji alamu, mwaona njoka?"

"Bola njoka. Khalani pansi muone."

Anasalaza dothi ndi dzanja n'kulemba 39. "Nambala ili ngati chikuni," anatero ndi mawu ake a m'kalasi aja. "Umaiwaza mpaka itafika poti nkhwangwa singalowenso. Uyu 39 tikamuwaza atipatsa 3 ndi 13." Analemba 52 pambali. "Uyu ndi 2 kuchulukitsa ndi 26. Koma 26 akadawazika, ndi 2 ndi 13. Ndiye m'mimba mwa 52 muli 2, 2 ndi 13. Nanga 65? Ndi 5 ndi 13."

"Muwazeni 13-yo, akuchita kubwera paliponse ngati tcheyamani wa chipani."

"Musafuule, alamu, mutimangitsa!" Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunali kwa pamwamba. "Ameneyu sawazika. Pali nambala zina zamakani, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 yemweyu. Sizilola kugawidwa ndi nambala ina iliyonse, kupatula 1 ndi izo zomwe."

"Aaa, ndiye ndi abale awo a amama."

Iye anapitiriza. Analemba 12 n'kumuwaza nayenso, n'kutuluka 2, 2 ndi 3. "Taonani tsono. Kuti chinthu chigawike bwino pa nyumba 12, m'mimba mwake muyenera kupezeka atatu onsewa. Mu 39 muli 3 yekha. Mu 52 muli 2 ndi 2, koma 3 mulibe. Mu 65 ndiye mulibe ngakhale mmodzi. Chimene sopo, machesi ndi masingano akugwirizana ndi 13 basi. Katunduyu akulola milu 13, apo ayi mulu umodzi. Pa 12 akukana."

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma apa ndinamva. Ndinayesabe. "Palibe nambala imene 12 ndi 13 angamvane, kuti tingowonjezera?"

"Ilipo. Yaing'ono kwambiri ndi 156."

"Sopo 156! Tidzasamba mpaka khungu lisupuke!"

Tinayesa kuika m'milu khumi ndi iwiri, kuti mwina dothi lanama. Nyumba iliyonse inapeza sopo atatu, machesi anayi, masingano asanu, ndipo pambali panatsala sopo atatu, machesi anayi ndi masingano asanu, zitangoti ndwii kutiyang'ana. Apa nzeru zanga zinayamba kuthamanga. Ndinati masingano asanuwo tiwagwetse mumchenga, ndani angawapeze? Machesi tiwabise padenga la nkhokwe. Sopoyo ndinadzipereka ndekha kuti ndichapira zovala za mudzi wonse mpaka athe. Ndinatinso tingapereke kwa abusa, kapena kwa wapolisi wina wovutika ndi njinga.

"Ayi," anatero Felesta. "Amama anawerenga okha kusitolo. Tikabisa, mawa adzandifunsa pamaso pa anthu kumene zapita, ndipo ndidzakhala wakuba. Tikasiya, ndaphwanya lamulo lawo." Anathyola kamtengo kaja pakati. "Alamu, amama salakwitsa powerenga. Anapiye awo amawadziwa ndi maso. Nambala zitatu sizingakumane pa 13 mwangozi. Achita dala. Akufuna mudzi wonse uone mphunzitsi wa masamu akulephera kugawa sopo."

"Musatero, alamu."

"Ndatero. Ndapirira kokwanira. Akandiseka mawa, ndikwera basi ya ku Ntchisi, ndipo sukulu zikamatsegulidwa ndikapempha kuti andisinthire kwathu. Achimwene anuwo akandifuna akandipeza komweko."

Mayo ine, mtima unandiwawa. Ndinkadziwa kuti mayiyu akanena chinthu sabweza. Ndinamugwira dzanja n'kumudzutsa. Ndinati mwina pali nyumba imene tikuiwala, tiyeni tizungulire mudzi tiwerenge bwino.

Tinayenda khomo ndi khomo ngati anthu a kalembera, tikuwerenga pamene pamafuka utsi. Nyumba za adada aang'ono, za alongo anga, ya azakhali amasiye kumapeto kwa khola, zonse tinaziwerenga. Ndinati nanga mphala ya anyamata? Felesta anati mumphala simuphikidwa, ndipo anyamatawo ndi sopo sadziwana. Ndinati nanga a Kingstone ku Joni? Anati moto wawo ndi wa a Kezia, tawerenga kale. Tinadutsa pakhomo pa Felesta mwiniwake osaima n'komwe, poti panalibe moto. Kuseri kwake kunali kanyumba katsopano kamene a Zondwayo anamanga atabwera kumapeto kwa mwezi, amama atawauza kuti akufuna mogona ana a mbuzi nthawi ya mvula. Ndinaseka n'kunena kuti mwina mbuzizo ndizo nyumba ya 13, zizisoka ndi masingano. Felesta sanaseke. Tinabwerera kunkhokwe tili ndi khumi ndi ziwiri zomwe zija.

Dzuwa lisanalowe ndinapita kwa amama ndekha. Ndinawapeza akusankha nyemba.

"Amama, katundu uja mwina munalakwitsa powerenga."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. Koma ndapota, amama, musamuchititse manyazi mwana wa eni. Kwawo n'kutali."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Loyce, iwe ukanakhala kuti umasunga mawu monga umasungira njala, bwenzi ndikukuuza zinthu. Kanditungire madzi."

Ndinachoka ndikufufuma ngati thobwa la dzana. Ndinalumbira kuti mawa akangoyamba kumuseka, ine ndiyankhula zoti mudzi sudzaiwala, ngakhale andithamangitse.

Kutacha amayi onse anasonkhana pabwalo, ana ali piringupiringu, abambo atakhala chapatali pafupi ndi khola ngati sizikuwakhudza. A Zondwayo anali atafika dzulo lake, ndipo anakhala pakati pa abambowo akusema mpini, osadzutsa mutu. Podutsa pakhomo pawo ndinaona sutikesi ya Felesta ili kuseri kwa chitseko, yomangamanga kale ndi chingwe.

Felesta anatuluka atavala nsalu yake ya kutchalitchi. Anayala mphasa n'kundiuza kuti ndibweretse malichero. Ndinabweretsa khumi ndi awiri. Iye anati ndikatengenso limodzi. Kenako anayamba kugawa poyera, akutchula mokweza ngati ali m'kalasi: sopo atatu, machesi anayi, masingano asanu pa kachigamba. Anatero lichero ndi lichero mpaka katundu yense anatha psiti. Malichero khumi ndi awiri anawandandalika kutsogolo, lina lija analiika pambali. Atatero anagwada pamaso pa amama.

"Amama, ndagawa. Sindinadule kanthu, ndipo palibe lichero loposa linzake. Koma lamulo lachitatu landikanika. Katunduyu sagawika pa nyumba khumi ndi ziwiri. Ndayesa njira zonse zimene ndimadziwa, ndipo amangolola khumi ndi zitatu. Kubisa sindingabise. Lichero ilo latsala."

Ine ndinali nditakoka kale mpweya, mawu ali kukhosi.

Amama anayamba kuitana nyumba imodziimodzi. "NyaTembo!" A Kezia anabwera, anagwada, yewo chomene, n'kunyamula lawo. "NyaMoyo!" Chimodzimodzi. Anaitana onse mpaka pamphasa panatsala lichero lija lokha. Felesta anali chigwadire, maso ali pansi.

"Nanga ilo n'la yani?" anafunsa amama.

"Ndi lotsala, amama."

"Ine ndinakangana ndi Mmwenye mpaka anatuluka thukuta, kuti ndigule zotsala? Loyce analipo, ngakhale maso ake anali pa njinga ya boma." Anthu anaseka, ine n'kufuna kulowa pansi. "Aphunzitsi, masamu anu ndi abwino. Mwapeza 13, ndipo 13 ndi amene ndinagula. Koma powerenga nyumba dzulo, inu ndi mlamu wanu wa pakamwayu, munadumpha khomo limodzi. Ndinakuonani."

Anakodola a Kezia. A Kezia, amene milomo yawo inali itatopa ndi kusunga chinsinsi, anathamangira kuseri kwa nyumba ya amama pamodzi ndi amayi ena awiri, ndipo anatulukira aliyense atasenza mwala pamutu. Inali miyala ya kumtsinje, yosalala, yofanana bwino. Sanaime pabwalo. Anapitirira mpaka kukanyumba ka mbuzi kaja n'kukaitula m'katimo. Nthungululu zinaphulika. Ha, ine kupusa! Kanyumba kokhala ndi zenera la utsi ndi kashelefu ka mbale, mbuzi yake iti?

"NyaPhiri!" anaitana amama.

Felesta sanasunthe. Anayang'ana kumbuyo kuti aone amene akuitanidwa. Ndinachita kumugunda ndi chigongono. "Ndinu, alamu! Pali a Phiri angati pano?"

Anakwawa ndi maondo mpaka pa lichero lija, koma sanaligwire. Mawu anamutuluka ang'onoang'ono. "Amama, ine ndinkayesa simundifuna. Nthawi yonseyi..."

"Ndikudziwa kuti ndinachedwa," anatero amama, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope yawo ikufewa pagulu. "Ndi dyera langa. Enawa ndinkawapatsa moto msanga chifukwa ankandiphwanyira miphika." A Kezia anakuwa kuti bodza, anthu n'kuseka. "Koma iwe, mwana wanga, chimwalirire adada awo a anawa, ndani wina anandiseketsapo kukhitchini kuja? Ndinkati mwezi wamawa, mwezi wamawa. Mpaka Zondwayo anandiuza kuti amama, mbalame mukuikonda mukuifinya. Ndiye tenga lichero lako. Machesi alimo. Ndipo chingwe chili pa sutikesi chija ukamasule, ndi cha mbuzi zanga."

A Zondwayo kukhola kuja anaseka mpaka mpini unagwa. Ine ndinathamanga kukasolola nkhuni pamulu wa amama, osapempha n'komwe, ndipo tonse tinakhamukira kukanyumba kaja. Felesta anagwada pa mafuwa ake n'kutsegula bokosi limodzi mwa anayi aja. Mtengo woyamba unathyoka. Wachiwiri unazima. Amayi anayamba kumuseka kuti masamu amatha koma machesi ayi. Wachitatu unagwira, udzu unathetheka, moto n'kudzuka.

Tisanathe n'komwe kululuta, tinamva chinthu chikukhwekhwerezeka pakhomo. Anali amama, akukoka kampando kawo ka kukhitchini kuja. Anakalowetsa, anakaika pafupi ndi moto, n'kukhala ngati akhala pamenepo chibadwire.

"Mwambo umati akhale ndi moto wake," anatero. "Sunanene kuti ine ndisamawothe."

Ndinamukoka Felesta n'kumuimika pakhomo pa khitchini yake, pamene mudzi wonse umaonekera. "Tiyeni alamu, inu mumawerenga ndi mtedza womwe. Tiwerengereni nyumba za pamudzi pano, timve."

Anatukula chala n'kuyamba. Imodzi, ziwiri, zitatu. Pofika pa nyumba ya azakhali mawu anayamba kugwedera. Anabwerera poyamba, anasokonezanso, kenako anangophimba nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Mphunzitsi wa masamu, pamaso pa ana ake a sukulu, analephera kufika pa 13.

Anati ndi utsi. Koma nkhunizo ndinabweretsa ndine, ndipo zinali zouma gwa.